Za mavani amagetsi: yankho kwa achimwene a ku Luton

Achimwene, mwafunsa ngati nthawi yakwana yoti mugulitse mavani anu atatu a dizilo, amene mumaperekera katundu pakati pa Luton ndi London, n'kugula amagetsi, poti mwamva kuti dizilo akuletsedwa mu 2030. Nkhani ya 2030 imeneyi yasokoneza anthu ambiri m'gulu muno.

Chaka chimenecho n'cha galimoto zing'onozing'ono zatsopano. Mu April 2025 boma linanena kuti mavani atsopano a dizilo ndi petulo azigulitsidwabe mpaka 2035, ndipo ngakhale tsikulo litafika palibe adzakulandeni vani yomwe muli nayo kale. Amene ali pampanipani ndi makampani opanga galimoto. Lamulo la ZEV mandate linawauza kuti pa mavani 100 aliwonse ogulitsidwa mu 2024, khumi akhale amagetsi, mu 2025 akhale 16, pofika 2030 akwane 70. Madila akamakuimbirani foni ndi mitengo yotsitsa, musaganize kuti ndi chikondi ayi. Madeti enieniwa amayenda ndi ndale: Rishi Sunak, ali nduna yaikulu, anasuntha 2030 kupita ku 2035 mu September 2023, a Labour atalowa n'kubwezanso. Ine sindingatenge ngongole chifukwa cha deti loterolo.

Chimene chimadya m'thumba lero ndi ndalama zolowera m'mizinda. ULEZ, dera lomwe galimoto zotulutsa utsi wambiri zimalipira polowa, inafalikira London yonse pa 29 August 2023, ndipo vani ya dizilo yosafika Euro 6 (muyezo wa utsi wa injini) imalipira £12.50 patsiku. Ku Birmingham ndi £8, ku Bristol £9. Koma ngati mavani anu ndi a Euro 6, monga ambiri ogulidwa atsopano kuyambira kumapeto kwa 2016, simulipira kalikonse, choncho yamagetsi sikupulumutsani kanthu pamenepo. Zaulere za mavani amagetsi nazo zikutha pang'onopang'ono. Kuyambira April 2025 mavani amagetsi ayamba kulipira msonkho wa pamsewu ngati ena onse, ndipo Congestion Charge, ndalama yolowera pakati penipeni pa London, yomwe inali yaulere kwa iwo mpaka December 2025, tsopano ndi £18 ndipo vani yamagetsi imalipira theka ikakhala pa Auto Pay, njira yoti ndalamayo izidulidwa yokha. Theka ndi ndalama ndithu ngati mumalowa pakati pa tauni tsiku ndi tsiku, koma ngati mumathera ku Wembley kapena Enfield sizikukhudzani.

Funso lomwe simunayankhe, ndipo ndi limene ligamule nkhaniyi, ndi lakuti mavaniwo amagona kuti. Vani yapakatikati ngati Vauxhall Vivaro yamagetsi imayenda mamailosi awiri ndi kanthu pa kWh (yuniti ya magetsi) imodzi. Mukatchaja usiku pakhomo kapena pa yadi yanu, pa mtengo wausiku wosafika 10p pa kWh, mailosi imodzi ikudyerani mwina 4p kapena 5p. Dizilo sangapikisane nazo zimenezo. Koma mukadalira matchaja othamanga a pamsewu, pomwe kWh imatha kupitirira 70p ndipo VAT yake ndi 20 peresenti pamene ya pakhomo ndi 5, mailosi yomweyo ikwera kuposa ya dizilo, kuwonjezera apo dalaivala wakhala phee kudikira batire pomwe maphukusi akumudikira. Ambiri a ife timakhala m'nyumba zalendi zopanda poimika galimoto, ndipo madalaivala amapita ndi vani kwawo. Ngati ndi mmene zilili kwa inu, masamuwo sakukomerani, kaya dila anene zotani. Ngati muli ndi yadi, kambiranani kaye ndi eni malo, ndipo muitane wamagetsi aone ngati mphamvu yofika pamalopo ingakwane matchaja atatu nthawi imodzi.

Mamailosi a pa kabuku musawakhulupirire onse. Vivaro ya batire ya 75 kWh amati imafika pafupifupi 200, koma ikadzaza katundu, mu January, hita ikuyaka, muli pa M1, muchotsepo gawo lalikulu ndithu. Batire imalemeranso, ndiye katundu wonyamula amachepa. Pofuna kuthandiza pamenepa, laisensi wamba ya B imakulolani kuyendetsa yamagetsi yofika matani 4.25, ndipo kuyambira June 2025 maphunziro a maola asanu omwe ankafunika kuti mutero anachotsedwa. Thandizo la boma la Plug-in Van Grant lakhala likufika £2,500 pa vani yaing'ono ndi £5,000 pa yaikulu. Dila amalichotseratu pa mtengo, ndiye muonetsetse kuti lalembedwa papepala. Inshulansi mufunsiretu musanasaine.

Palinso china chathu Amalawi. Vani ya dizilo ikatopa timaikweza sitima n'kukayamba moyo wina ku Lilongwe kapena Mzuzu. Yamagetsi, ndi kuzimazima kwa magetsi kwathu kuja komanso kusowa kwa amakaniko ake, njira imeneyo njovuta, ndipo mtengo wake ikakalamba umagwa msanga. N'chifukwa chake ndikanakhala inu ndikanatenga imodzi yokha pa lease, kuti za kugwa mtengo zikhale za eniake, n'kuiika pa ulendo waufupi womwe umabwerera pomwe pali tchaja. Musinthe yakale kwambiri, makamaka ngati ilipo yosafika Euro 6. Ziwiri zinazo ziziyendabe mpaka muone mabilu a nyengo yozizira.

Tiuzeni zaka za mavaniwo, mamailosi a patsiku ndi komwe amagona, tiwerengere limodzi.