BP yokwera mwadzidzidzi ndi chotupa cha pamwamba pa impso

Achemwali, mwafunsa ngati BP ya amuna anu, yomwe imangokwera mwadzidzidzi limodzi ndi mutu waukulu, thukuta lonyowetsa malaya komanso mtima kugunda kwambiri, ingakhale yochokera ku chotupa. Inde zimatheka, ngakhale sizichitika kawirikawiri. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kotchedwa adrenal. Chotupa cha pheochromocytoma chikamera mmenemo chimathira m'magazi adrenaline wochuluka, mchere wa m'thupi (homoni) womwe umakweza BP ndi kugunditsa mtima kwambiri.

Musathamangire sikani. Madokotala amayamba ayeza metanephrines, zotsalira za adrenaline thupi likamuphwanya, m'magazi kapena mu mkodzo wa maola 24, wonse wosonkhanitsidwa m'chigubu chimodzi. Akapeza kuti zakwera, ndiye sikani ya CT kapena MRI kuti aone pomwe chotupacho chakhala.

Kuchiza kwake ndi opaleshoni, koma apa mvetsetsani bwino. Asanalowe ku fiyeta, wodwala amamwa mankhwala otsitsa BP otchedwa doxazosin kapena phenoxybenzamine kwa masiku 7 mpaka 14, akuwonjezera mchere ndi madzi. Chonde asayambe mankhwala ena a BP otchedwa propranolol kapena atenolol mankhwala oyambawo asanagwire, BP imatha kukwera moopsa. Ngati akumwa kale propranolol kapena atenolol, asasiye okha, koma kauzeni adokotala msanga.

Mwa odwala atatu, pafupifupi mmodzi amatengera kumtundu. Chikapezeka, mufunsenso za kuyezetsa ana ndi abale awo.