Zipani zikagawana boma, lamulo la masankho amalinyamula ndani?

Bambo wina wa ku Katete wandilembera pa imelo. Akufunsa kuti zipani ziwiri zikapanga boma limodzi, kodi nduna ziwiri za zipani zosiyana zingagawane ntchito yokonza malamulo a masankho? Nanga zikasemphana, woyankha ndani?

Zikomo bambo. N'zotheka, ndipo zinachitikapo. Ku Britain mu 2010, chipani cha Conservative cha a David Cameron chinapanga boma ndi chipani cha Liberal Democrats. A Nick Clegg a Liberal Democrats, monga wachiwiri kwa nduna yaikulu, anapatsidwa nkhani zosintha masankho, koma pansi pawo panaikidwa a Mark Harper a Conservative. Chipani chilichonse chinali ndi diso pa mpoto.

Vuto silinali nduna ziwirizo ayi, linali malonda amene anali kumbuyo. A Clegg ankafuna kuti wovota azisanja opikisana, woyamba, wachiwiri, wachitatu. A Conservative ankafuna kuchepetsa mipando ya aphungu kuchoka pa 650 kufika pa 600 n'kudulanso malire. Zonsezi anazimanga m'lamulo limodzi la 2011, kuti wina asathawe mnzake. Koma pa referendamu ya mu May 2011 yokhudza kusanja opikisanako, a Cameron anauza anthu kuti akane, ndipo pafupifupi 68 pa anthu 100 alionse anakanadi. Mu 2012 aphungu 91 a Conservative anaukira bilu ya a Clegg yosintha House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo, biluyo n'kufa. A Clegg anabwezera: mu January 2013 aphungu awo anavota pamodzi ndi otsutsa boma kuti malire atsopano adikire. Onse anatuluka chimanjamanja.

Kwathu kuno ku Zambia njirayi sitingaitengere momwe ilili. Kuyambira 2016 malamulo a dziko anachotsa achiwiri kwa nduna, choncho palibe mpando wapansi woikapo munthu wa chipani chinzake. Mgwirizano wathu umakhalanso wa nthawi ya kampeni chabe. Apulezidenti ndi amene amasankha nduna zonse. Mu 2021 a Hakainde Hichilema anapatsa a Felix Mutati a chipani china cha MDC unduna wa zaluso ndi sayansi, koma mabilu osintha malamulo a dziko amalowa ku Nyumba ya Malamulo kudzera kwa nduna ya zachilungamo, ndipo malire amadula ndi a Electoral Commission of Zambia. Kwa anzathu ku Malawi, mgwirizano wa Tonse Alliance unapambana mu June 2020, koma chipani cha UTM chinatulukamo mu 2024. Mgwirizano umatha, lamulo limatsala.

Maganizo anga ndi awa, bambo. Woyankha mafunso m'Nyumba akhale nduna imodzi yodziwika, kuti zikavuta tidziwe wom'loza chala. Chipani chinzake chione bilu isanapite ku kabineti, osati kuimva pa wailesi ngati ife. Ndipo zimene anapangana azilembe n'kuzionetsa poyera, makamaka za malire, chifukwa mzere wa pakati pa Chipata Central ndi Luangeni ukasuntha pang'ono, phungu nayenso angasinthe.

Musaiwalenso kuti kusintha malamulo a dziko kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. Bill 10, bilu yosintha malamulo a dziko, inagwera pomwepo mu October 2020, ngakhale kuti chipani cha PF chinali ndi boma lonse m'manja. Nduna zikhale ziwiri kapena imodzi, zimayenerabe kukagogoda kwa otsutsa.