Kusandutsa nyumba yakale ya mu Zomba kukhala mashopu ndi zipinda zogona

Mayi, mwafunsa za nyumba ya nthawi ya atsamunda imene malemu bambo anu anakusiyirani pakati pa tauni ya Zomba. Mukufuna kutsogolo kukhale mashopu, kuseri zipinda zochititsa lendi. N'zotheka, koma mmisiri ayambe wadikira.

Ngati nyumbayo ikadali m'dzina la malemu, pezani kaye zikalata za kukhoti zoyendetsera chuma cha masiye, kenako musinthitse dzina. Mukatero werengani bwino lizi yanu, chikalata cha pangano lobwereka malowo. Lizi imanena ntchito imene malowo anaperekedwera, ndipo ngati inalembedwa kuti ndi okhalamo anthu basi, kutsegulapo shopu popanda chilolezo cha Unduna wa Zamalo n'kuphwanya pangano.

Chimene ambiri amachiiwala ndi zaka za nyumbayo. Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, choncho nyumba zambiri za kumeneko zili ndi mbiri. Lamulo la Monuments and Relics Act limapatsa nduna mphamvu yolengeza kuti nyumba yakutiyakuti ndi yotetezedwa, ngakhale ili ya munthu wamba. Ikakhala pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, simungagumule kapena kusintha maonekedwe ake popanda chilolezo cholembedwa. Apa ndi pamene eni nyumba amagwa m'mavuto: kuchotsa nsanamira za pakhonde kuti shopu ikule, kapena kuzula mawindo a matabwa n'kuikapo zitseko zachitsulo, iwo amakuona ngati kukonza wamba. Lemberani kalata nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, mufunse ngati nyumba yanu ilimo. Yankho lapakamwa musalikhulupirire, ngakhale lichokere kwa bwana. Khoti limafuna pepala.

Kukhonsolo ya mzinda wa Zomba mukapereka mapulani ojambulidwa ndi katswiri wovomerezeka. Pansi pa Physical Planning Act ya 2016, kusintha ntchito ya nyumba kumafuna chilolezo ngakhale musanakhudze njerwa. Akhonsolo adzayang'ana zimbudzi, ngalande, poimika galimoto, komanso pothawira moto ukabuka. Ine ndingakulangizeni kuti ogona kuseri akhale ndi khomo lawolawo, asamadutsire mu shopu. Mukamanga mwakabisira, khonsolo ikhoza kuimitsa ntchito n'kukulamulani kugwetsa zimene mwaonjezera, ndalama zanu zomwe.

Akakukanizani, pemphani zifukwa zolembedwa, muchite apilo. Ngati mukuona kuti sanatsate ndondomeko, High Court ya ku Zomba konko ikhoza kuunikanso chigamulocho, koma pempholo liyenera kulowa pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku la chigamulocho.