Mkazi wanu sakudzigonthetsa, achimwene

Achimwene, mwadandaula kuti akazi anu, amene ali ndi multiple sclerosis (MS), nthenda ya mitsempha ya mu ubongo ndi mu msana, nthawi zina samva mukawayankhula. Chonde lekani kuwauza alamuwo kuti amamva zokhazo zimene akufuna. Mawu amenewo ndi amene anatsala pang'ono kundithetsera banja. Inenso ndili ndi MS. M'nyumba mukakhala zii ndimamva ngakhale nkhuku ikupalasa kuseri, koma mundiyankhule pamsika wa pa boma pano, akabaza akuliza mabelu, ogulitsa usipa akukuwa, ndimangoona milomo yanu ikugwedera.

Zinandionekera pa ukwati wa mlamu wanga wamng'ono, mwezi wa Okutobala. Amene mumakhala ku Mangochi mukudziwa mmene limaombera dzuwa nthawi imeneyo. Ndinali pamoto kuyambira m'mamawa, miyendo italemera kale. Masana tinalowa mu holo ya malata, zimkuzamawu zili mbali zonse, perekani-perekani wafika pachimake, ine andigwiritsa mbale yolandirira ndalama. Apongozi anabwera mothamanga n'kundiyankhula. Liwu lawo ndinalizindikira, koma mawu ake ayi. Ndinati, "Pepani mayi, mwati bwanji?" Anabwereza. Ndinafunsanso, anabwerezanso mokuwa, ndipo kukuwako kunangosokoneza zonse. Anthu anayamba kucheuka. Ndinamwetulira n'kuti "Eya mayi," mbale ili m'manja.

Amandiuza kuti mwana wanga wapsa ndi madzi a tiyi kuseri kwa holo, akulira kuitana ine.

Mlamu wanga wamkulu anandigwira mkono n'kundikokera panja, ndalama zikumwazika pansi. Kunja kunalibe phokoso, ndiye ndinamva liwu lililonse: "Ndiwe mayi wanji iwe? Akukuuza kuti mwana wapsa, iwe ukuseka?" Nditayankha, anatembenukira anthu n'kuti, "Mwaonatu, akumva bwinobwino." Ndinapeza mwanayo atamukhazika pa chitenje, mwendo wonse matuza, akunjenjemera. Bala linapola, koma mpaka lero mlamuyo sanapepese, ndipo ndi iye anafalitsa mudzi wonse kuti ndine wamwano.

Amene amandipweteka mtima kwambiri ndi wachipatala wina amene tinakamuona pambuyo pake. Anandiunika m'khutu ndi katochi, anatseka chitseko, anaima kumbuyo kwanga n'kunong'ona, ine n'kubwereza zonse. Pamaso pa mwamuna wanga anati, "Makutu ali bwino awa mayi, chepetsani maganizo." Buku langa lachipatala linali patebulo pake, lolembedwa kuti multiple sclerosis, sanalitsegule n'komwe. Mwamuna wanga anabwerera kunyumba atatsimikiza kuti abale ake amanena zoona.

Khutulo limakhaladi labwino. MS imawononga myelin, kachikuto kamene kamakuta mitsempha ya mu ubongo ndi mu msana, ngati pulasitiki ya pa waya wa magetsi. Mawu akalowa m'makutu amadutsa pa tsinde la ubongo, ndipo pamenepo ubongo umayerekeza nthawi imene afikira ku khutu lamanja ndi lamanzere. Kusiyanako sikukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, koma n'kumene kumathandiza munthu kudziwa komwe mawu akuchokera ndi kupatula liwu limodzi pakati pa phokoso. Myelin ikawonongeka uthenga umachedwa panjira, zonse zimafika zitasakanikirana. Mukawonjezerapo kutopa ndi kutentha ndiye basi. Thupi likatentha zizindikiro za MS zimakula kwa kanthawi, madokotala amati Uhthoff, ndipo zimatsika munthu akazizidwa. Ine ndimamva bwino Juni kusiyana ndi Novembala.

N'chifukwa chake kupima makutu komvetsera timabelu m'chipinda chachete munthu amakhoza. Pitani nawo alamuwo ku Blantyre, ku chipatala cha Queen Elizabeth kuli kiliniki ya zamakutu. Mukafunse za kupima kumva mawu pakati pa phokoso, komanso ABR, kumene amamata timawaya pamutu kuti aone ngati uthenga ukuchedwa mu mtsempha. Kugontheratu si kofala pa MS, koma khutu limodzi likangotsekeka mwadzidzidzi musadikire mawa, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo.

Musawasiye kunyumba ayi, kudzipatula kumadwalitsa kuposa nthendayo. Muzipita nawo kumaukwati ndi kumaliro, anthu aziwaona. Ine maukwati a zimkuzamawu ndinasiya, ndimangotumiza envulopu, ndipo mtima wanga uli m'malo. Koma alamuwo muzipita nawo, muziwakhazika kutali ndi sipika, pafupi ndi khomo pomwe pakupita mphepo, botolo la madzi ozizira lili m'manja. Musamakuwe. Akhudzeni paphewa kaye, ayang'aneni kumaso, muyankhule mmodzimmodzi. Akapanda kumva sinthani mawu, osangobwereza omwewo. Nkhani ikakhala yofunika, monga ya mwana kapena ya ndalama, atulutseni panja kapena alembereni pa foni. Wailesi muzizimitsa nthawi yakudya.

Ndipo abale anu muwafotokozere ndinu, osati iwo. Mkazi akamadzifotokozera yekha kwa apongozi amati akudziikira kumbuyo. Anga sindinavutikenso nawo, amene anasankha kusakhulupirira sangasinthe. Koma inu yambani ndi mayi anu sabata ino, Okutobala asanafike.