Achimwene a ku South Bend, Charger ija iyambe yadikira

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi zaka 25, mumakhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana ku America, mumagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalirako okalamba, alamu ndi oyembekezera, mwasunga madola 6,000, ndipo mtima wanu wakakamira pa Dodge Charger R/T ya 2019 imene mwaiona pamalo ena ogulitsira magalimoto. Alamu akuti Camry kapena RAV4. Ena akuyankhani kale kuti gulani basi, ndalama ndi zanu, ena akukunenani kuti ndi chibwana. Ine sindikunenani, chifukwa nthenda imeneyi ndinadwalapo. Challenger R/T ndinakhala nayo zaka zitatu, ndipo mpaka lero ndikamva V8, injini ya masilinda 8 ija, ikulira pamaloboti khosi limatembenuka lokha. Komabe yankho langa ndi lakuti musagule chaka chino. Galimoto imeneyi ndi yabwino ikakhala yachiwiri pakhomo. Ikakhala yokhayo, imakulamulirani moyo.

Ndiyambe ndi kuikhalira kumbuyo, kuti musaganize kuti ndikuida. Pa magalimoto onse amene amatchedwa muscle car, a ku America a injini zamphamvu aja, Charger ndi imene munthu wapabanja angaiganizireko. Ili ndi zitseko zinayi, mpando wa mwana umalowa bwino kumbuyo, buti ndi yaikulu. Mustang ndi Camaro kumbuyo kwake n'kongoikako chikwama, munthu wamkulu akakhalako amatuluka miyendo itachita dzanzi. Injini ya 5.7 Hemi ili ndi mphamvu ya 370 horsepower, ndipo mukamayenda mwakachetechete pamsewu waukulu imazimitsa masilinda anayi kuti isamwe kwambiri. Giya yake ya otomatiki ya magiya 8 ndi yabwino zedi. Amene akukuuzani kuti ndi chigalimoto chachabechabe sanaiyendetsepo.

Tsono funsani anyamata amene amasonkhana ndi magalimoto awo Loweruka m'mawa m'miyezi yotentha aja funso limodzi lokha: Lachiwiri la mu February mumapita kuntchito pa chiyani? Ambiri akuuzani kuti pa Civic yakale, kapena pa pikapu ya dzimbiri. Mustang yowala ija imalowa m'galaja mu November, amaifunditsa nsalu, n'kudzaitulutsa mu April mchere wosungunulira sinowo, umene umachititsa dzimbiri, utatha m'misewu. Anthu okonda magalimotowa amanena zoona akamayamikira kulira kwa injini ndi mmene imakukankhirani pampando mukaponda. Chimene satchula, poti kwa iwo n'chodziwikiratu, n'chakuti pakhomo pawo pali makiyi ena. Inu makiyi adzakhala amodzi, ndipo kuntchito kwanu sanena kuti lero kwagwa sinowo, okalamba adzisamalire okha.

South Bend ili pafupi ndi nyanja ya Michigan, ndipo mphepo yozizira ikadutsa pamwamba pa madziwo imadzakhuthulira sinowo pa ife. R/T imakankha ndi matayala akumbuyo okha. Ine ndinaphunzira tanthauzo lake m'mawa wina wa mu January, ndikuchokera kuntchito ngati mmene muzichokera inumo, tulo tili m'maso. Ndinaponda pang'ono chabe pokhota, kumbuyo kunabwera kutsogolo, ndinazungulira n'kukaima mumulu wa sinowo nditayang'ana kumene ndimachokera. Wolakwa ndinali ine, matayala anali atatha ndipo ndinkazengereza kugula ena chifukwa cha mtengo. Apo ndi pamene pali nkhani. Galimotoyi imatha kuyenda m'nyengo yozizira mukaiveka matayala a sinowo anayi, koma malimu ake ndi a mainchesi 20, ndipo matayala a saizi imeneyo si a mtengo wa matayala a Corolla. Ndalama zikachepa munthu amati ndigula mwezi wamawa, ndiye mwezi wamawawo umakupeza uli m'ngalande.

Pali mbiri pang'ono imene ikukukhudzani. Magalimoto amenewa anatchuka kuyambira 1964, pamene a Pontiac anatenga injini yaikulu ya V8 n'kuiika m'galimoto yapakatikati, n'kuitcha GTO. Chaka chomwecho mu April a Ford anatulutsa Mustang, Camaro inatsatira ya 1967, Challenger ya 1970. Petulo anali wotchipa, achinyamata anali ndi ntchito m'mafakitale. Sipanathe zaka khumi zonse zinazilala. Malamulo a utsi anathandizira, koma zimene zinathawitsa ogula zinali ziwiri: makampani a inshuwalansi anayamba kulipiritsa kwambiri anyamata oyendetsa magalimoto amphamvu, kenako mafuta anasowa n'kukwera mtengo mu 1973. Inshuwalansi ndi mafuta. Zaka zoposa 50 zapita, koma agalu awiri omwewo ndi amene akukudikirani pachipata.

Za mafuta tiwerengere limodzi. Pa muyeso wa boma, Charger R/T imayenda mamailosi 16 pa galoni m'tauni ndi 25 pamsewu waukulu, pakatikati 19. Camry ya masilinda anayi ya kuyambira 2018 imafika cha m'ma 32, ya hybrid ya LE imafika 52. Mukamayenda mamailosi 12,000 pachaka, Charger imwa magaloni opitirira 630, Camry 375, hybrid cha m'ma 230. Galoni ikakhala pa madola 3, kusiyana kwa Charger ndi Camry wamba ndi madola pafupifupi 770 pachaka, ndipo ndi hybrid kukufika 1,200. Onjezani kuti buku la galimotoyo limalimbikitsa petulo wa giredi 89, osati 87 wotchipa uja. Ndipo 19 ameneyo ndi wa munthu woyendetsa ngati abusa akupita kumaliro. Palibe amene amagula Hemi kuti aziyendetsa choncho.

Koma mafuta si amene angakugwetseni. Inshuwalansi ndiye. Musanasainire chilichonse, jambulani nambala ya chesesi (VIN) ya Charger ija, mupezenso VIN ya Camry iliyonse ya chaka chofanana, muimbire makampani atatu muwafunse mtengo wa full coverage, inshuwalansi yolipiranso galimoto yanu ikawonongeka kapena kubedwa, poti galimoto ya ngongole obwereketsa salola kuti ikhale ndi inshuwalansi yongolipira amene mwamugunda. Mwamuna wa zaka 25, laisensi ya ku America ya zaka zochepa, injini ya V8: mukamva nambala imene akuuzeni, mwina kalata yangayi simuifunanso. Sachita izi chifukwa chodana nanu. Mu 2023 bungwe la IIHS, lomwe limaphwanya magalimoto poyesa chitetezo chake, linatulutsa mndandanda wa magalimoto 21 a 2020 amene madalaivala ake amafa kwambiri pangozi, ndipo 6 mwa iwo anali a mtundu wa Camaro, Challenger, Charger ndi Mustang. Chaka chomwecho anzawo a HLDI, amene amasonkhanitsa ziwerengero za inshuwalansi, anapeza kuti Charger SRT Hellcat inkabedwa kuposa galimoto wamba maulendo opitirira 60, ndipo Charger ya Hemi inali yachiwiri pamndandandawo. Inu muzikaisiya pabwalo loimikapo magalimoto usiku wonse, masiku asanu pamlungu.

Ndiye pali ngongole. Wogulitsa sadzakufunsani kuti muli ndi zingati, adzakufunsani kuti mungakwanitse zingati pamwezi, kenako atambasule ngongoleyo miyezi 72 kapena 84 mpaka nambala ikukomereni. Tiyerekeze kuti mwapereka 6,000 yanuyo n'kubwereka 20,000 pa chiwongoladzanja cha 15 peresenti, zomwe sizachilendo kwa munthu amene mbiri yake ya ngongole kuno ikadali yaifupi. Pa miyezi 72 muzipereka madola 423 pamwezi, ndipo pomaliza mudzakhala mutapereka chiwongoladzanja choposa 10,000. Mwana amene alamu akuyembekezerayu adzakhala atayamba sukulu inu mukulipirabe galimoto ya 2019. Yerekezani ndi kubwereka 12,000 pa 8 peresenti kwa miyezi 48: madola 293 pamwezi, chiwongoladzanja chonse cha m'ma 2,000. Pitani kaye ku credit union, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama ngati SACCO, akupatseni kalata ya ngongole musanapite kwa wogulitsa, ndipo malo olembedwa kuti buy here pay here aja, kumene wogulitsa amakukongozani yekha, muziwadutsa ngati mukudutsa pamanda usiku. Musaiwalenso msonkho wa Indiana wa 7 peresenti pamtengo wa galimoto. Ndipo 6,000 yonseyo musaipereke. Kubereka kuno kuli ndi mabilu ake, ndipo foni yochokera kumudzi yonena za feteleza kapena matenda sifunsa kaye ngati mwalipira galimoto.

Wina wanena kuti gulani msanga chifukwa anasiya kupanga, mtengo udzakwera. N'zoona kuti Charger ndi Challenger za mtundu umenewu zinasiya kupangidwa mu December 2023 ku Brampton, ku Canada, ndipo Camaro nayo inatha nthawi yomweyo. Koma chimene chimakweza mtengo wa galimoto yakale ndi kusowa kwake. Plymouth Hemi Cuda ya 1971 yotsegula denga inagulidwa madola 3.5 miliyoni pa okushoni mu 2014 chifukwa zimene zinapangidwa chaka chimenecho sizinakwane ndi 20 zomwe. Ma R/T ali mbwee, apolisi anali nawo ma Charger, makampani obwereketsa magalimoto analinso nawo. R/T ya mamailosi 80,000 imene yadya mchere wa Indiana nyengo zisanu si chuma chosungira ana. Ubwino wake kwa inu ndi womwewo: zaka zitatu zikubwerazi zidzakhalapobe pamsika, sizikuthawa.

Enanso akuti tengani Charger ya V6 ya AWD, yokoka ndi matayala onse anayi, kuti mugwire zonse ziwiri. Pa sinowo ndi yabwinodi kuposa R/T. Koma ine ndimaona kuti mapanga awiri avumbwitsa. Mafuta imamwa kuposa Camry, akuba amaiyang'anabe, ndipo chimene mukuchifunacho, kulira kwa V8 kuja, mulibe. Tsiku lililonse R/T ikaima pambali panu muzimva kuwawa.

Mwatchulanso zoti mwina tsiku lina mudzaitumiza kumudzi. Zimenezo chotsani m'mutu. Chiwongolero chake chili kumanzere, ndiye pa M1 pofuna kupitirira lole muzidalira amene mwamukweza kuti akuonereni kutsogolo. Ndi yotsika, mahampu ndi msewu wafumbi wopita kwa agogo ziipala mimba. Msonkho wolowetsera galimoto umakwera ndi kukula kwa injini, sipeya aliyense muziitanitsa kunja, ndipo mafuta akasowa malita 20 a pamzere aja 5.7 imangotsukira m'kamwa. Yakumudzi mudzagule ya ku Japan yodzera ku Dar es Salaam ngati anzanu onse.

Nanga mugule chiyani? Ndikanakhala ine ndikanatenga Camry ya 2018 kupita m'tsogolo, ya injini ya 2.5, n'kugula matayala a sinowo anayi pa malimu achitsulo oti muzisintha mu November. Galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo itavala matayala oyenera imaima bwino pa ayezi kuposa ya AWD ya matayala wamba, pakuti AWD imathandiza ponyamuka, pa mabuleki ilibe mawu. Ngati alamu akufuna yokwera kuti asamawerame poika mwana, RAV4, CR-V, Mazda CX-5 kapena Subaru Outback zonse ndi zabwino, kungoti ma RAV4 ogwiritsidwapo kale ntchito ogulitsa amawanyadira mtengo. Sipeya wa zimenezi savuta, ndipo makaniko aliyense amazidziwa. Zina zimapangidwa konkuno: Subaru ku Lafayette, Honda ku Greensburg, Camry kungowoloka ku Georgetown, Kentucky. Ine amene ndinkanyoza ma minivan lero ndimayendetsa Sienna yopangidwa ku Princeton, ndipo musandiseke, ana atatu ndi matumba a ufa wa m'sitolo ya amwenye zimalowa zonse.

Ngati mwamva zonsezi mtima n'kukanabe, poti ndalama ndi zanu, chitani izi. Kaioneni m'mawa injini isanalizidwe, muuze wogulitsa kuti asaitenthetse. Ikangolira mvetserani. Kugogoda kwa timasekondi tochepa kotha kokha nthawi zambiri amakhala mabawuti a ekizozi, koma kuti tiki tiki kosatha injini itatentha ndi kumene eni magalimotowa amakutcha Hemi tick, ndipo kukakhala kwa ma lifter, tizitsulo tothandiza kutsegula mavavu a injini, kumadya camshaft imene imatikankha, ntchito ya madola masauzande. Onani pa dashibodi maola amene injini yakhala ikulira galimoto itaima, chifukwa zimene zinali za apolisi mamailosi amaoneka ochepa pamene injini inagwira ntchito usana ndi usiku. Matayala akumbuyo akakhala atsopano akutsogolo ali akale, mwini wake ankaotcha matayala. Ya title (chikalata cha umwini) yolembedwa salvage kapena rebuilt, kutanthauza kuti inawonongekapo kwambiri, isiyeni ngakhale mtengo ukome bwanji. Lipoti la Carfax, lofotokoza mbiri ya galimotoyo, liwerengeni, koma lisalowe m'malo mwa makaniko wanuwanu woti aikweze m'mwamba n'kuona dzimbiri pansi. Madola 100 kapena 200 a ntchito imeneyo ndi ochepa. Wogulitsa akakana kuti mupite nayo kwa makaniko, tsanzikani.

Imbani mafoni a inshuwalansi aja mawa, mutiuze manambala onse awiri, a Charger ndi a Camry, ndipo muwaonetsenso alamu. Mukapeza yoti mukaione, kaya ndi iti, ndiuzeni pofika Lachisanu. Loweruka sindigwira ntchito, ndibwera ndi tochi ndi kakompyuta kowerengera zolakwika za injini.