Kuchoka ku Chelinda kupita ku Livingstonia wapansi

Achimwene, mwafunsa ngati mungadutse Nyika nokha, opanda mlonda wa paki. Ayi, musayerekeze. Ulendo wochoka ku Chelinda, kampu ya m'paki ya Nyika, kutsikira ku Livingstonia ndi wa masiku atatu, kugona m'tenti, ndipo mlonda wamfuti ayenera kukhalapo. Zitunda za kumeneko n'zofanana zokhazokha. Nkhungu ikatsika, njira imasowa mukuona.

Chimene chinandisautsa ine ndi chisanu. Mu Juni udzu umadzuka utayera mbuu, zala mpaka kukanika kumanga zingwe za nsapato. Tengani juzi yokhuthala, chipewa ndi masokosi ouma ogonera. Chikwama chisalemere, poti potsetsereka kulowera ku Livingstonia mawondo amalira. Koma mbidzi mudzaziona chapafupi, zikudya msipu phee!