Tipi ya anthu awiri: ganizirani za utsi ndi mapolo musanagule

Mayi wina wakwathu amene akukhala ku Minnesota, m'dziko la America, wandilembera imelo. Iwo ndi amuna awo akufuna kumakagona kutchire, kumalo kopanda magetsi, mpopi ngakhale chimbudzi, n'kumaphika pamoto wa nkhuni. Akufuna kugula tipi, tenti yozungulira yosongoka pamwamba ya mitundu ina ya anthu oyambirira kukhala ku America, ndipo akufunsa ngati ya mafiti 10 m'mimba mwake ingawakwanire, popeza ndi yotchipa ndipo galimoto yawo ndi yaing'ono.

Mayi, ya mafiti 10 ija isiyeni. Ngati mukufunadi kusonkha moto mkati, tengani ya mafiti 14, omwe ndi mamita 4 ndi pang'ono. Ndalama zikavuta, ya mafiti 12 ingathandize, koma osatsikanso pamenepo.

Nambala imene ogulitsa amalemba imanyenga. Khoma la tipi limapendekera mkati, ndiye m'mphepete monse simungakhale tsonga, mumangoikako katundu. Pakati pali moto. Malo otsala ndi aja a pakati pa moto ndi khoma, ndipo mu tipi ya mafiti 10 bulangete lanu limakhala pafupi kwambiri ndi makala, nkhuni zikangothetheka labooka.

Koma vuto lalikulu ndi utsi. A Lakota, a Cheyenne, a Crow ndi a Blackfoot, eni ake a nyumbazi m'zigwa za North America, anaimanga mwanzeru kuti utsi uzituluka wokha. Tipi yeniyeni siima chilili mofanana mbali zonse. Kumbuyo kwake kumakhala kotsetsereka kwambiri, khomo n'kuloza kum'mawa, chifukwa mphepo ya kumeneko kawirikawiri imachokera kumadzulo. Pamwamba pa khomo pali makutu awiri a nsalu, lililonse ndi polo yake kunja, ndipo mphepo ikasintha mumatuluka n'kuwatembenuza. Nsalu yakunja siigunda pansi, imasiya kampata. Mkati mumamangirira nsalu ina yaifupi kuzungulira khoma, yofika pansi penipeni. Mpweya wozizira umalowa pa kampata kaja, n'kukwera pakati pa nsalu ziwirizo, n'kukankhira utsi kubowo lapamwamba, inu osamva chisanu. Tipi ikachepa, bowolo limakhala pafupi ndipo utsi umazungulira pamene pali mutu wa munthu wokhala pansi. Mudzakhala mukupukuta misozi ngati muli m'khitchini yopanda zenera. Ndiye wogulitsa akanena kuti nsalu yamkatiyo ndi yapadera, muilipire ndithu, chifukwa popanda iyo mwagula theka la tipi. Makala a mbaula kapena sitovu ya gasi m'tenti yotseka musayese n'komwe, mpweya wake umapha munthu ali mtulo.

Tsopano pa galimoto yanu yaing'onoyo, nsalu sivuta, imapindika n'kulowa kumbuyo. Ovuta ndi mapolo. Amafunika oposa 12, owongoka, osendedwa bwino, ndipo aliyense amakhala wamtali kuposa kukula kwa tipiyo, moti a tipi ya mafiti 14 amapitirira mamita 5. Eni ake ankadula paini wowonda wotchedwa lodgepole. Kale akadalibe mahatchi, mapolowa ankakokedwa ndi agalu, n'chifukwa chake matipi a nthawi imeneyo anali aang'ono, ndipo anakula mahatchi atabwera. Inunso funso ndi lomwelo, adzakoka ndani? Yezani denga la galimoto musanaitanitse chilichonse, mufunsenso malamulo a katundu wotulukira kutsogolo ndi kumbuyo. Alipo mapolo olumikiza pakati, ndipo kwa inu ndi amene ndingasankhe, ngakhale kuti sakongola. Mufunsenso mtengo wotumizira, poti katundu wamtali amadula kutumiza.

Polo aliyense mumupalase ndi dzanja. Madzi a mvula amalowa pabowo lapamwamba n'kutsetsereka ndi polo mpaka pansi kuseri kwa nsalu yamkati, koma akakumana ndi kamfundo kosapalidwa amadontha pomwepo, mwina pankhope panu usiku.

Ena adzakuuzani za mamangidwe a mapolo atatu ndi a mapolo anayi, kutanthauza mapolo oyamba amene amamangidwa pamodzi kuti enawo atsamirepo. A Lakota ndi a Cheyenne amayamba ndi atatu, a Crow ndi a Blackfoot anayi. Ambiri ogulitsa amasoka ya atatu, ndipo kwa ongoyamba kumene ndi yokwanira.

Nsalu ikhale kanvasi ya thonje yothiridwa mankhwala oteteza ku madzi, ku chuku ndi ku moto. Chimene chimaononga matipi ambiri ndi kuipinda ili yonyowa. Mukafika kunyumba iyanikeni mpaka iume gwa, ngakhale mwatopa bwanji. Ngati kumene mukukhala kulibe bwalo kapena galaja yoyanikamo nsalu yaikulu chonchi, ganizaninso bwino.

Pali chinanso chimene simunanene m'kalata yanu: kodi galimoto izifika pamalo ogonawo, kapena muziyenda wapansi? Ngati n'kuyenda ndi chikwama kumsana, tipi yeniyeni si yanu. Funani tenti ya polo imodzi pakati, yotengera lavvu, tenti ya a Sami a kumpoto kwa Norway, Sweden ndi Finland. Zambiri zili ndi bowo la chumuni cha kasitovu ka nkhuni. Mukapita m'nkhalango za boma, funsani kaye kuofesi yawo ngati moto ukuloledwa, chifukwa nyengo yotentha amauletsa kawirikawiri.

Za zojambula, ine ndikupemphani kuti nsalu muisiye yoyera. Kwa a Blackfoot chithunzi cha pa tipi chimakhala ndi mwini wake, ndipo chimaperekedwa kwa wina pamwambo, sichingokoperedwa chifukwa chakongola. Anthuwa alipo mpaka lero ndipo matipi awo amawaimikabe. Ngati mungathe kufika ku Montana mu Ogasiti, pitani ku Crow Fair, chikondwerero cha a Crow chimene chimachitikira ku tauni ya Crow Agency, mukaone matipi ambirimbiri ataimikidwa ndi eni ake, mukaonetsetse mmene akutembenuzira makutu aja mphepo ikasintha.